Paketi imodzi, lita imodzi: masamu amene amasunga ana ku Nachisaka

Mvula ya mu Januwale ikagwa ku Nachisaka, msewu umasanduka phala. A kabaza a njinga zamoto amakweza mtengo, ena amangokaniratu kutsika zitunda zina, ndipo ulendo wopita kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi umadya tsiku lathunthu. Nyengo yomweyi ndi imene ana amatsegula m'mimba kwambiri.

Ndinali kumudzi nthawi ngati imeneyo pamene mwana wa alamu anga, wa miyezi 5, anayamba kutsegula m'mimba. Alamu anathamangira kwa mlangizi wa zaumoyo, amene kumudzi timangoti adokotala, nabwerako ndi paketi ya Thanzi komanso mapiritsi a zinc. Pakhomo panali botolo limodzi loyera bwino, la madzi ogula aja, la mamililita 500. Anathiramo madzi owiritsa ozizira, nakhuthuliramo paketi yonse, nakhutchumula.

Mwamwayi adokotala aja anadzera pakhomopo pobwerera kwawo, mwana asanamwe.

"Mayi, paketi yonse mwasungunulira m'botolo ili?"

"Eya adokotala. Ndati akhale amphamvu kuti mwanayu achire msanga."

"Ayi mayi, musamumwetse kaye. Pezani jagi, mukhuthuliremo, kenako muwonjezere botolo lina lodzadza la madzi. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi, mabotolo awiri ngati ili."

Nkhani inathera pomwepo ndipo mwana anachira. Koma ine zinandikhala mumtima. Mu paketi ya mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi muli mchere wa magalamu 2.6, kuphatikiza shuga ndi zina. Ukasungunula m'mamililita 1,000, mcherewo umakhala 0.26 peresenti. Ukasungunula m'mamililita 500, umakhala 0.52 peresenti, kuwirikiza kawiri. Kwa khanda limene likutaya kale madzi, chakumwa cha mchere wochuluka chimatha kuwonjezera kutsegula m'mimba, kukweza mchere m'magazi, mpaka mwana kukomoka.

Alamu anga si munthu wosadziwa kuwerengera. Ndi iwo amasunga buku la banki m'khonde m'mudzimo, ndipo chiwongoladzanja cha 20 peresenti amachiwerengera pamtima osalakwitsa ngakhale kwacha imodzi. Kungoti palibe amene anawauzapo kuti masamu a m'buku la banki m'khonde ndi omwewo ali pa paketi ya Thanzi.

Chinthu chimodzi, malembedwe anayi

Ambiri a ife tinkadana ndi ma fraction ku pulayimale. Tinkafunsana kuti, "Aise, zimenezi tidzazigwiritsa ntchito kuti?" Yankho lake lili kuchipatala. Pa mabotolo, mapaketi ndi makadi a kusikelo, muyezo umodzi womwewo umalembedwa m'njira zinayi: fraction, decimal, peresenti ndi ratio. Wogwira ntchito yazaumoyo amayenera kuchoka pa kalembedwe kena kupita pa kena mosaphonya, nthawi zambiri mwachangu, odwala ali pamzere.

Titenge mapiritsi a zinc aja. Piritsi limodzi ndi mamiligalamu 20. Mwana woyambira miyezi 6 amamwa piritsi limodzi patsiku kwa masiku 10. Wosakwana miyezi 6, ngati wa alamu anga, amamwa theka. Theka limenelo pa fraction ndi 1/2. Tsegulani calculator ya pa foni yanu, mugawe 1 ndi 2, mupeza 0.5. Imeneyo ndiye decimal. Chulukitsani 0.5 ndi 100, mupeza 50. Ndiye kuti 50 peresenti. Theka la mamiligalamu 20 ndi mamiligalamu 10, kaya mwawerengera njira iti.

Lamulo lake ndi lomwelo nthawi zonse. Kuchoka pa fraction kupita pa decimal, gawani nambala yapamwamba ndi yapansi. Kuchoka pa decimal kupita pa peresenti, chulukitsani ndi 100. Pobwerera, gawani peresenti ndi 100. Choncho kota, 1/4, ndi 0.25 kapena 25 peresenti. Gawo limodzi mwa magawo 5 ndi 0.2 kapena 20 peresenti. Limodzi mwa 10 ndi 0.1 kapena 10 peresenti. Limodzi mwa 1,000 ndi 0.001, kapena 0.1 peresenti.

Mawu oti peresenti amangotanthauza "pa 100 aliwonse". Mumawadziwa kale. Batire ya foni ikafika pa 25 peresenti, palibe amene amakuuzani kuti mwatsala ndi kota. Mlimi wa ku Nachisaka amadziwanso: pa thumba la feteleza wa Urea amalemba 46 peresenti, kusonyeza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nitrogen, chifukwa 0.46 kuchulukitsa ndi 50 ndi 23. Masamu ake ndi omwewa, kusiyana kwake n'kwakuti ukalakwitsa pa feteleza umapsereza chimanga, ukalakwitsa pa mankhwala umapweteka munthu.

Msampha uli pa ratio

Pa malembedwe anayiwa, amene amakola anthu ambiri, ngakhale ophunzira, ndi ratio.

Tiyerekeze kuti mukusakaniza Sobo pa chinkhoswe. Mwathira kapu imodzi ya Sobo ndi makapu 4 a madzi. Ratio yake ndi 1:4. Ndiye ndikufunseni: Sobo ndi gawo lanji la chakumwa chonsecho? Ambiri amafulumira kunena kuti 1/4. Si choncho. M'jagimo muli makapu 5, imodzi ya Sobo ndi 4 a madzi, choncho Sobo ndi 1/5, kapena 0.2, kapena 20 peresenti. Ratio ya mtundu uwu imayerekeza gawo ndi gawo linzake, pomwe fraction imayerekeza gawo ndi chinthu chonse. Kuti musinthe ratio kukhala fraction, muyambe mwaphatikiza magawo onse.

Tsopano chotsani Sobo, muyikepo JIK. M'zipatala zathu, magazi akatayikira pansi kapena pa bedi lochilirapo amayi, amapukuta ndi madzi a chlorine a 0.5 peresenti. JIK wa m'botolo nthawi zambiri amakhala wa 3.5 peresenti, ngakhale ndi bwino kuwerenga kaye pa botolo chifukwa mitundu ina imasiyana mphamvu. Wogwira ntchito amagawa 3.5 ndi 0.5, n'kupeza 7. Nambala 7 imeneyo ndi magawo onse pamodzi. Ndiye kuti gawo limodzi la JIK, magawo 6 a madzi. Ratio ndi 1:6, fraction ndi 1/7.

Madzi osambira m'manja amafuna chlorine wa 0.05 peresenti. Onani bwino: 0.5 ndi 0.05 zikusiyana ndi ziro mmodzi yekha, koma mphamvu yake ikusiyana ka 10. Gawani 3.5 ndi 0.05, mupeza 70: gawo limodzi la JIK, magawo 69 a madzi. Njira yachidule ndi kutenga gawo limodzi la madzi a 0.5 peresenti aja n'kusakaniza ndi magawo 9 a madzi wamba. Wosambira m'manja tsiku ndi tsiku madzi a 0.5 peresenti khungu limawauka. Wopukutira magazi madzi a 0.05 peresenti amaganiza kuti wapha tizilombo pomwe wangonyowetsa pansi.

Zimene kolera anatiphunzitsa

Ntchito ya alangizi a zaumoyo ili ndi mizu yake mu kolera. M'zaka za m'ma 1970, boma linalemba anthu othandiza kulimbana ndi mliri wa kolera m'midzi, ndipo gulu limeneli ndilo linakula mpaka kukhala alangizi amene tili nawo lero. Choncho pamene kolera anabuka mu Malichi 2022 ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, ntchito yosakaniza chlorine inagweranso iwo ndi anzawo a m'zipatala.

Chlorine amene amagwiritsa ntchito kwambiri pa mliri ndi waufa uja wotchedwa HTH, wa mphamvu ya pakati pa 65 ndi 70 peresenti. Kuchokera pa ufa womwewo amapanga madzi a mphamvu zosiyanasiyana. Kuti apeze magalamu oyenera pa lita imodzi, amagawa mphamvu imene akufuna ndi mphamvu ya ufawo, n'kuchulukitsa ndi 1,000. Akafuna 1 peresenti, amagawa 1 ndi 70 n'kuchulukitsa ndi 1,000, zimene zimapereka magalamu 14.3, ndipo pa ntchito amangoti pafupifupi magalamu 15. Amenewa ndi madzi a chlorine amene alangizi amagawa m'midzi kuti anthu azithira pang'ono m'ndowa za madzi akumwa potsatira muyezo umene awauza. Samwedwa okhaokha.

Kumalo osamalirako odwala kolera kumakhala ndowa zitatu. Ya 2 peresenti ndi ya chimbudzi, masanzi ndi mitembo: magalamu 30 pa lita imodzi. Ya 0.2 peresenti ndi yopukutira pansi ndi mabedi: magalamu 30 omwewo koma m'malita 10. Ya 0.05 peresenti ndi yosambira m'manja: magalamu 15 m'malita 20. Ndowa zitatuzi ukaziyang'ana madzi ake ndi ofanana. Chimene chimazisiyanitsa ndi nambala yolembedwa pa ndowa komanso munthu amene anawerengera bwino m'mawa.

Mliri umenewu, umene Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anaulengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo pa 5 Disembala 2022, unagwira anthu opitirira 58,000 ndipo opitirira 1,700 anamwalira. Tiyeni tiwerengere limodzi. Gawani 1,700 ndi 58,000, mupeza 0.029. Chulukitsani ndi 100, ndi 2.9 peresenti, pafupifupi anthu 3 pa odwala 100 aliwonse, kapena mmodzi mwa 34. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati odwala akamalandira thandizo loyenera msanga, omwalira sayenera kufika 1 peresenti. Pongomva, 1 ndi 3 ndi manambala aang'ono. Koma 1 peresenti ya 58,000 ndi anthu 580. Kusiyana kwa 1 peresenti ndi 2.9 peresenti ndi maliro opitirira 1,100. Munthu wodziwa kusintha peresenti kukhala chiwerengero cha anthu amamva nkhani ya pa wailesi mosiyana ndi mnzake.

Usiku m'chipinda cha amayi

Masamu awa amafika povuta zedi pa mankhwala obaya. Izi ndi ntchito za anamwino, azamba ndi madokotala ophunzitsidwa, si zoyesa kunyumba, koma ndi bwino mudziwe zimene zimayenda m'mutu mwa munthu amene wagwira jakisoni.

Pa mankhwala amadzi, peresenti imatanthauza magalamu a mankhwala m'mamililita 100. Dilipi wamba uja wa mchere amalembapo 0.9 peresenti, kusonyeza magalamu 0.9 m'mamililita 100, kapena magalamu 9 pa lita.

Tiyerekeze kuti mayi woyembekezera wafika usiku pachipatala chaching'ono, magazi akuthamanga kwambiri ndipo wayamba kukomoka, vuto limene azachipatala amati eclampsia. Mankhwala ake ndi magnesium sulphate. Pa kabotolo palembedwa 50 peresenti. Ndondomeko imati muyezo woyamba wodzera mumtsempha ukhale magalamu 4 a mphamvu ya 20 peresenti, kuwonjezera pa wina wobaya m'matako. Mzamba ayenera kuwerengera motere: 50 peresenti ndi magalamu 50 m'mamililita 100, kapena magalamu 0.5 pa mililita imodzi. Magalamu 4 ndiye kuti mamililita 8. Kuti magalamu 4 akhale 20 peresenti, ayenera kukhala m'mamililita 20. Choncho awonjezera mamililita 12 a madzi osungunulira jakisoni. Ratio ndi 8:12, imene ndi 2:3. Fraction ndi 8/20, imene ndi 2/5 kapena 0.4. Ndipo 0.4 kuchulukitsa ndi 50 ndi 20. Zatheka. Malembedwe onse anayi akumana mu jakisoni mmodzi, mwina magetsi atazima, wina akuwunikira ndi tochi ya pa foni, ambulansi ikadali kutali.

Chitsanzo china ndi mwana wa malungo aakulu amene shuga watsika m'thupi. Amafunika shuga wamadzi wa 10 peresenti, mamililita 5 pa kilogalamu iliyonse. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti mamililita 50. Nanga ngati m'kabati muli wa 50 peresenti yekha? Wamphamvu choncho amawononga timitsempha ta mwana. Namwino amatenga gawo limodzi la shugayo ndi magawo 4 a madzi a jakisoni: mamililita 10 ndi mamililita 40. Mwaikumbukira Sobo ija? Ndi 1:4 yomweyo, gawo limodzi mwa 5, ndipo 1/5 ya 50 ndi 10.

Koma pali mtundu wina wa ratio umene uli ndi tanthauzo lake. Pamene pakuperekedwa katemera pamayenera kukhala adrenaline, mankhwala opulumutsira munthu amene thupi lake ladana mwadzidzidzi ndi jakisoni. Pa kabotolo kake amalemba 1:1,000. Apa satanthauza gawo limodzi la mankhwala ndi magawo 1,000 a madzi oti uwonjezere. Akutanthauza galamu imodzi m'mamililita 1,000 a mankhwala okonza kale, kapena miligalamu imodzi pa mililita imodzi, kapena 0.1 peresenti. Palinso adrenaline wa 1:10,000. Nambala yake ikuoneka yaikulu, koma ndi wochepa mphamvu ka 10. Kusokonezeka pakati pa awiriwa kunavulaza anthu ngakhale m'mayiko olemera, moti kuyambira mu 2016 ku America anasiya kulemba ratio pa mabotolo a adrenaline ndipo amangolemba mamiligalamu pa mililita. Ngati kumene kuli makompyuta pa bedi lililonse anaona kuti ratio ndi msampha, kuli bwanji kuno kumene namwino mmodzi amagwira chipinda chonse usiku.

Kadontho si kokongoletsera

Mu decimal, mphamvu yonse ili pa kadontho. Ndi chifukwa chake azachipatala amaphunzitsidwa malamulo awiri polemba. Loyamba: osalemba .5, koma 0.5, chifukwa kadontho kakafufutika pa pepala lonyowa, wowerenga aona 5. Lachiwiri: osalemba 5.0, koma 5 basi, chifukwa kadontho kakapanda kuoneka, wowerenga aona 50. Njira zonse ziwiri, wodwala alandira muyezo wowirikiza ka 10.

Kusikelo nakonso kadontho kamalamula. Tepi yoyezera mkono wa mwana ili ndi malire pa masentimita 11.5, omwe ndi mamilimita 115. Mkono wochepera pamenepo umagwera pofiira, ndipo mwanayo amafunika chithandizo cha kunyentchera monga chiponde. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 ndi pachikasu. Kusiyana kwa 11.4 ndi 11.6 ndi mamilimita 2 okha, koma kumasintha chithandizo chimene mwana alandire.

Mankhwala a malungo a LA, amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, amaperekedwa potengera kulemera kwa wodwala. Wa makilogalamu 5 mpaka osakwana 15 amamwa piritsi limodzi pa nthawi. Woyambira 15 mpaka osakwana 25 amamwa awiri, woyambira 25 mpaka osakwana 35 amamwa atatu, ndipo woyambira 35 amamwa anayi, kawiri patsiku kwa masiku atatu. Tsono taganizani mwana wolemera 15.4 atalembedwa 14.5 chifukwa wolembayo watembenuza manambala. Mwanayo alandira theka la muyezo wake, 50 peresenti yokha, ndipo malungo akhoza kubwereranso.

Ngakhale Panado wamadzi wa ana amene timagula tokha ali ndi masamu ake. Mabotolo ambiri amalemba 120 mg/5 ml, kusonyeza mamiligalamu 120 m'mamililita 5, kapena mamiligalamu 24 pa mililita imodzi. Muyezo wa mwana umakhala mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse. Potengera 15, mwana wa makilogalamu 8 amafunika mamiligalamu 120, omwe ndi mamililita 5. Wa makilogalamu 12 amafunika 180, omwe ndi mamililita 7.5, kapena muyezo umodzi ndi theka wa kakapu ka mamililita 5. Vuto ndi loti kunyumba timayezera supuni ya tiyi, ndipo masupuni a m'khitchini sali ofanana kukula. Ngati botolo labwera ndi kakapu kapena kasupuni kake koyezera, musakataye.

Peresenti ikafika pa WhatsApp

Masamu awa sathera m'chipatala. Amatitsata mpaka m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, kumene nambala imodzi yomvedwa molakwika imatha kubweza mayi panjira ya kusikelo.

Pa 23 Epulo 2019, Malawi linakhala dziko loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'ndondomeko ya katemera wa kusikelo, ndipo Ntchisi linali limodzi mwa maboma 11 oyambirira. Kafukufuku wamkulu wa katemerayu anapeza kuti kwa ana amene analandira majakisoni onse anayi, amachepetsa kudwala malungo ndi pafupifupi 4 mwa 10. Mwadziwa kale tsopano kuti 4/10 ndi 0.4, kapena 40 peresenti. Wina akhoza kulemba m'gulu kuti, "Mwamva? Katemera uja sagwira kwa ana 60 peresenti." Si zimene nambalayo ikunena. Ikunena kuti pamene ana akanadwala malungo ka 100, amadwala pafupifupi ka 60. Maulendo 40 opita kuchipatala mumvula, mwana kumbuyo thupi litatentha, apewedwa. Ndipo chifukwa 60 atsala, neti ikadali yofunika usiku uliwonse.

Funso loyenera kufunsa mukaona peresenti iliyonse ndi ili: ya chiyani, mwa angati? Mudzi umene mwezi watha munali odwala 2 ndipo mwezi uno muli 4, matenda akwera ndi 100 peresenti. Zikumveka zoopsa, koma ndi anthu awiri owonjezera. Kwina odwala atachoka pa 500 kufika pa 550, akwera ndi 10 peresenti yokha, koma ndi anthu 50. Peresenti yopanda chiwerengero chake imatha kuopseza kapena kugonetsa anthu tulo pachabe.

Mlangizi wa zaumoyo amachita masamu omwewa pa lipoti la mwezi. Tiyerekeze kuti m'dera lake muli ana 60 oyenera katemera wina, ndipo abayitsa ndi 45. Amagawa 45 ndi 60, n'kupeza 0.75, n'kulemba 75 peresenti. Ku ofesi amawerenga 75. Iye amaona kota yotsalayo, ana 15 amene amadziwa makomo awo, ndipo amadziwa kuti ena ali kuseri kwa phiri kumene njinga siyifika.

Ngakhale ntchito yake yomwe imayezedwa ndi ratio. Cholinga cha boma ndi choti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000, imene ndi 1:1,000. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Dowa muli anthu opitirira 770,000. Gawani ndi 1,000, mupeza kuti boma limodzi lokhali likufunika alangizi opitirira 770. Mukadzamva phungu kapena khansala akulonjeza za umoyo pa msonkhano, muli ndi pofunsira: m'dera lathu mlangizi mmodzi ali ndi anthu angati?

Nanga inu ndi ine?

Achinyamata ambiri a ku Dowa ndi Ntchisi amalakalaka ntchito ya chipatala. Sukulu yophunzitsa alangizi a zaumoyo ili pafupi pompa ku Mponela, ndipo ena maso ali ku Nkhoma, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Kamuzu University of Health Sciences. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, musamazembe phunziro la masamu poganiza kuti unamwino ndi Biology yokha. Ma fraction a Sitandade 6 aja mudzakumana nawo pa tsiku loyamba m'wodi. Calculator ya pa foni imathandiza, koma imangoyankha zimene mwaifunsa. Mukalemba 1 kugawa ndi 6 pamene mumayenera kulemba 1 kugawa ndi 7, idzakupatsani yankho lolondola la funso lolakwika. N'chifukwa chake anamwino amaphunzitsidwa kuti pa mankhwala oopsa mnzawo awerengerenso payekha asanabaye, komanso kuti yankho likaoneka lachilendo, monga timabotolo 10 kwa khanda limodzi, ayime kaye.

Ngati simudzavala yunifolomu, ntchito ilipobe. M'makomo ambiri ku Nachisaka, wachinyamata wa foni ndi amene amapatsidwa pepala la mankhwala kuti awerengere agogo kapena mayi. Mukaperekeza wodwala, musachite manyazi kufunsa musanachoke pa windo la mankhwala. Theka limeneli ndi la piritsi kapena la supuni? Kangati patsiku, masiku angati? Paketi iyi ndisungunule m'madzi ochuluka bwanji? Mukamva yankho, libwerezeni m'mawu anu kuti wopereka mankhwalayo amve ngati mwamva bwino. Mphindi imodzi imeneyo ndi yotchipa kuyerekeza ndi kabaza wa usiku.

Ndipo tisiye maganizo aja oti mankhwala akakhala okhathamira kapena owawa kwambiri ndiye kuti agwira msanga. Muyezo umene walembedwa unayesedwa. Kuchepetsa madzi ndi theka ndi chimodzimodzi kuwirikiza mankhwala kawiri, ndipo kuwonjezera madzi kuti paketi ikhalitse ndi kumwetsa mwana madzi opanda mphamvu yokwanira.

Alamu anga anapeza njira yawoyawo. Anatenga botolo la Sobo la malita 2, nalitsuka bwino, nathiramo mabotolo awiri a mamililita 500, n'kulemba mzere ndi cholembera pamene madzi analekezera, pafupi ndi pakati pa botolo. Limakhala pa shelefu pambali pa makadi a kusikelo. Amayi oyandikana nawo mwana akatsegula m'mimba amabwera kudzabwereka, ndipo alamu amawakumbutsa kuti Thanzi wosungunula akatha maola 24 atayidwe, apange wina. Nditapitako ulendo wina ndinawaseka kuti asanduka aphunzitsi a masamu.

"Masamu ati alamu?" anatero. "Ine ndimangodziwa kuti madzi afike pa mzerewu."